Kombi Yoyera, Landirova Yobiriwira

Germiston,
10 Febuluwale 1991

Anyina Vera,

Monire kumeneko. Ndikhulupirira kuti muli bwino, inu, Vera, ndi amama apongozi anga ndi miyendo yawo ija. Ine ndili bwino, kupatula chifuwa cha utsi wa m'galaja chomwe mukuchidziwa kale. Mlongo wanu Laston ali bwinonso. Wanenepa mpaka kolala ikumuluma, ndipo ntchito yake ya ku fakitale ya sopo akuigwira mosadandaula.

Musadabwe kuti ndikulembabe Chichewa cha kusukulu. Kalata ija ndinalemba m'chinenero chathu inatenga miyezi itatu panjira, ndiye ndinaona kuti pali anthu ena otsegula makalata amene anavutika kupeza wowamasulira. Tiyeni tiziwapeputsira ntchito.

Nkhani yaikulu ndi iyi: Disembala uno ndikubwera, ndipo kuno sindidzabwererakonso. Zaka zisanu ndi zinayi zandikwana. Lachiwiri lapitali bwana anandituma m'tauni pa sitima ya m'mawa. Pa siteshoni ina munalowa anthu a zikwanje ndi nthungo n'kuyamba kutema aliyense amene anali pafupi. Bambo wina yemwe ndinkawerenga naye nyuzipepala imodzi anamuponya kunja sitima ikuthamanga. Ine ndinalowa pansi pa mpando, munthu wamkulu ndi ndevu zangazi. Magazi amene anali pa ovololo yanga sanali anga, choncho musade nkhawa.

Koma sindibwera ndi sutikesi yokha. Ndikufuna galimoto, kuti inu musiye kusenza khofi pamutu kupita naye ku fakitale, komanso tizinyamula anthu a ku Misuku kumeneko opita ku boma. Pali ziwiri zimene ndaziika diso.

Yoyamba ndi Landirova ya bwana wanga, Mpwitikizi wokalamba uja mwini galaja. Ndi ya 1969, yobiriwira, yaitali, yosaoneka bwino n'komwe. Ikamayenda mano amagundana, mafuta imamwa ngati chidakwa, ndipo mvula ikagwa woyendetsa amanyowa bondo lakumanja. Koma imakoka ndi mawilo onse anayi, mimba yake ili m'mwamba, thupi lake siligwira dzimbiri. Injini yake ndaimasula katatu ndi manja angawa. Itadwala pakati pa phiri ndikhoza kuichiza ndi sipanala ndi waya.

Yachiwiri ndi kombi yoyera ya 1987, ya mayi wina wachizungu yemwe ankatengera ana ake kusukulu. Mipando khumi yofewa, wailesi, chitseko chotsetsereka cham'mbali, mafuta imangonyambita. Ndi yokongola, sindikana. Laston akaiona amachita kuipukuta ndi mkono wa shati yake. Koma mimba yake ili pansi, ndipo pa chitunda chija cha kuseri kwa tchalitchi, mvula ya Januwale, idzakhala pamatope ngati nkhuku yofungatira, oikankha n'kudzakhala inu. Ndi yodulanso kuwirikiza kawiri, moti ingadye zonse zimene ndasunga.

Ine mtima wanga uli pa Landirova. Ndikungokufunsani poti ndinu mayi wa pakhomo.

Khofi wa kumunsi mumuthire feteleza mvula isanathe. Makadi a chipani a chaka chino mugule, ndi langa lomwe, dzina langa lisasowe. Nsapato za Vera ndapatsira a Bizwell Simwaka, a geni aja amayenda uku ndi uko, akufika kumapeto kwa mwezi.

Ndine mwamuna wanu,
Lazarus Sikwese


Germiston,
7 Epulo 1991

Anyina Vera,

Moni nonse. Ndathokoza Chiuta kuti malungo a Vera atha. Ine ndili bwino.

Kalata yanu ndailandira. Masamba awiri a nkhani za mbuzi ndi denga la khitchini, kenako kamzere kamodzi pansi penipeni: "Landirova pakhomo panga isadzaime." Basi? Ndinaiwerenga chiimirire, ndipo ndinamenya theche chitini cha oyilo mpaka bwana anatuluka mu ofesi.

Chifukwa chake ndikuchidziwa, sindine mwana, ndipo sindichilemba pano. Koma anyina Vera, chitsulo chinalakwa chiyani? A mishoni amayendera yomweyo, a chipatala yomweyo. Msewu wa kwathu inu mumaudziwa ndi mapazi, ine ndimaudziwa ndi mawilo. Zaka zisanu ndi chimodzi ndili pansi pa magalimoto, lero ndiuzidwe zogula ndi munthu amene sadziwa kuti mafuta amathira potani? Mukufuna tikhale ndi galimoto ya miyezi isanu ya chilimwe, miyezi inayo izikhala khola la nkhuku?

Chinanso chimene simukuchidziwa n'chakuti kuno kombi yoyera si galimoto wamba. Ndi zimene zimanyamula anthu ngati matola, amazitcha matekisi, ndipo eni ake akuphana polimbirana misewu. Sabata yatha anatibweretsera imodzi chokoka. Mabowo a zipolopolo analipo khumi ndi anayi, ndinawaona bwino poti womata ndinali ine. Mipando ndinachita kutsuka ndi paipi, madzi ofiira n'kumatsikira m'ngalande. Mwini wake anangoima poteropo akudya nyama ya nkhuku, n'kumafunsa ngati ituluke pofika Lachisanu.

Muganizenso bwino. Mayi wachizungu uja wati adikira mpaka Juni, ndipo bwana wanga sakufulumira.

Laston tsopano akugona kuno, m'chipinda changa cha kuseri kwa galaja. Ku Tembisa kumene ankachita lendi kwavuta pang'ono. Ali ndi bala pamutu, anagwa pa masitepe, koma amusoka ndipo akudya bwino. Amama musawauze.

Denga la khitchini lidikire kaye. Mbuzi yaikazi ija musagulitse ngakhale akunyengerereni bwanji.

Ndine,
Lazarus


Germiston,
2 Juni 1991

Justina mkazi wanga,

Moni wa mtima wonse kwa inu, Vera ndi amama. Kuno kwazizira, koma tili moyo. Kalata iyi ikubwera m'thumba la a Bizwell, osati pa positi, ndiye ndilankhula momasuka. Mukawerenga muiwotche.

Choyamba, Laston sanagwe pa masitepe. Lamulungu lina masana anthu a nsalu zofiira kumutu anatuluka ku hositelo, kogona amuna apantchito, n'kumalowa nyumba ndi nyumba. Mwini nyumba imene ankakhala anamutemera pakhomo pake penipeni, mkazi wake akuona. Laston chikwanje chinamupeza akudumpha mpanda. Anayenda wapansi mpaka kuno atamanga mutu ndi shati, ndipo pomwe amafika ndinamuzindikira ndi nsapato zokha.

Chachiwiri ndi chimene chandisintha maganizo. Lachinayi bwana anandituma ndi Landirova kukakoka galimoto ina yofa, Laston n'kundiperekeza. Pa mpando wakutsogolo panali mabatire, ndiye ndinati, "Mlamu, kwera kumbuyo." Anakana. Ndinanenanso, anakananso. Ndinamukalipira kuti za kwanu zija zandikwana, alongo ako chimodzimodzi, iwe chimodzimodzi. Munthu uja, yemwe sanandiyankhepo mwano chiyambire, anandigwira pakolala n'kundikanikizira pa chitseko.

Anati, "Mulamu, inu munangomva. Ine ndinaona, ndili ndi zaka zisanu ndi zitatu. Adada anthu a boma anawatulutsa m'kalasi choko chili m'manja. Anawamenya ndi matako a mfuti pabwalo la sukulu, ana tonse tikuona, mpaka anasiya kutchinga kumaso. Anawaponya kumbuyo kwa Landirova yawo, wina n'kuwaponda pakhosi ndi jombo. Chitseko chinakana kutsekeka chifukwa phazi lawo linatsalira kunja, ndiye anachimenyetsa katatu mpaka chinatsekeka. Alongo anga anaithamangira galimoto ija mpaka pa mlatho. Yayi, mulamu. Ine kumbuyo kwa Landirova sindidzakwera, ngakhale nditafa."

Ndinatsitsa mabatire aja, iye n'kukhala kutsogolo.

Justina, ndinkadziwa kuti adada anu anatengedwa mu 1975 ndipo sanabwerere, ngakhale manda awo palibe akuwadziwa. Koma zaka khumi ndi chimodzi tili pabanja, za phazi lija simunandiuzepo, ngakhale za mlatho. Tsopano ndamvetsa chifukwa chake tsiku lobadwa Vera munakana kukwera ya a mishoni, mpaka tinakunyamulani pa machira mtunda wonse uja. Ine ndinkati ndi mantha a mimba yoyamba. Ndamvetsanso chifukwa chake amama amalowa m'munda wa khofi akangomva injini ikukwera phiri. M'kalata yapita ija ndinalankhula ngati chitsiru, mundikhululukire.

Ndigula kombi. Ndidzaikweza masipuling'i, ndidzaiveka matayala a mano, ndipo pansi pa mpando pazidzakhala tcheni ndi khasu. Ikadzakanika m'matope sindidzanena kanthu, ndidzangokuyang'anani.

Bulangete lofiira lili m'katundu wa a Bizwell ndi la amama, labuluu ndi lanu.

Wanu,
Lazarus


Germiston,
18 Ogasiti 1991

Anyina Vera,

Monire. Ndamva kuti khofi wacha bwino chaka chino, yewo chomene chifukwa cha thukuta lanu. Ine ndili bwino, ngakhale mukadzandiona ndikuseka mudzapeza mpata kutsogoloku. Ndifotokoza.

Kombi ili m'manja mwathu. Imayenda mwakachetechete moti munthu umaiwala kuti injini ilipo, poti ili kumbuyo. Laston anatenga laisensi, ndipo akakhala pa chiwongolero amaongoka ngati dalaivala wa bishopu. Vera adzasankhe yekha mpando wake, alipo ambiri.

Vuto ndi mtima wa kwathu. Mukudziwa kuti ku Misuku galimoto imadutsa kamodzi pa masiku atatu, ndipo woyendetsa amene angadutse munthu woyenda pansi, mipando ili yopanda anthu, dzina lake limatchulidwa pa maliro ndi pa ukwati pomwe. Laston anabwera nawo mtima umenewo kuno. Lamulungu lapitali tikuchokera ku tchalitchi anaona amayi atatu a mvano ataima pamsewu ndi gogo wina wa ndodo. Ndisanatsegule pakamwa anali ataima kale, chitseko atatsegula, akuwalonjera ngati azakhali ake.

Sitinayende patali. Pa maloboti a pafupi ndi pokwerera matekisi, kombi imodzi inatitsekera kutsogolo, ina kumbuyo. Anatikokera kunja pa mawindo, n'kutigoneka chafufumimba pa phula. Laston anamukwapula ndi zikoti mpaka shati yake ya kutchalitchi inang'ambika mizeremizere. Ankafunsa kuti ndife a gulu liti, watipatsa msewu umenewu ndani. Ine ndinayesa kufotokoza ndi Chizulu changa chothyokathyoka kuti ndife alendo, galimotoyi ndi ya pabanja. Yankho linali jombo pakamwa ndi ina m'nthiti. Mano awiri ndinawasiya pamenepo. Amayi aja anawatsitsa n'kuwakankhira mu kombi yawo, gogo uja ndodo yake inatsala mwathu. Pochoka, wamkulu wawo anandigwira khutu n'kunena pang'onopang'ono kuti ndimve bwino: "Mukadzanyamulanso munthu, tidzakuwotcherani momwemo."

Titafika ku galaja ndikumutsuka msana ndi madzi a mchere, Laston anati, "Koma mulamu, sitinawalipiritse." Ndinamumenya mbama, ndikuvomera, munthu wovulala kale. Ndinamuuza kuti kuno msewu uli ndi eni ake, ndipo eni akewo safunsa ngati walipiritsa. Makiyi ndamulanda. Lamulo ndi limodzi mpaka tidzawoloke malire: sitiima, ngakhale wotiimikayo akhale m'busa.

Landirova ija palibe akanaiyang'ana kawiri. Sindikunena kanthu, ndangotchula.

Khofi woyamba kucha musamusunge, apite ku fakitale tsiku lomwelo. Amama muwauze kuti mwana wawo akuyendetsa galimoto, zinazo ayi.

Ndine,
Lazarus


Germiston,
20 Okutobala 1991

Anyina Vera,

Moni kwa nonse. Kalata ya Vera ndaiona, zilembo zake zaposa zanga. Ine nthiti ikundivutabe ndikamakhotetsa chiwongolero, koma ndikudya.

Tsiku ladziwika. Tinyamuka pa 7 Disembala, kudzera ku Zimbabwe, Lusaka, Isoka, n'kulowa kwathu cha ku Zambia. Njira ya ku Mozambiki ili ndi nkhondo yake, ine yakunoyi yandikwana. Kombi ndaichotsa mipando inayi yakumbuyo kuti katundu akwane, ndaijambula mzere wabuluu, ndipo pa zitseko ndalemba m'Chingerezi kuti ndi ya pabanja. Ngati anthu aja amawerenga, sindikudziwa.

Lachitatu masana kunalira mfuti pokwerera matekisi paja. Atatu anafera pomwepo. Wachinayi anakwawa mpaka pa geti lathu, matumbo atawagwira ndi manja, akupempha madzi. Bwana anati titseke geti, ndipo ndinatseka ndine. Laston anadutsitsa kapu ya madzi pansi pa geti, koma munthu uja anali atasiya kale kupempha. Kuyambira tsiku limenelo sakundilankhula bwino.

Makiyi ndamubwezera, chifukwa pali katundu woti tizikatenga ndipo nthiti yangayi siilola. Chonde mumulembere, inu amakumverani. Mumuuze kuti chifundo chakecho achisunge mpaka pa Isoka, kuyambira pamenepo adzanyamule aliyense ndi mbuzi zake zomwe.

Wagulira amama diresi la maluwa ndi duku. Akuti amene adzalowetse kombi pakhomo ndi iyeyo, akuliza hutala kuchokera pa mlatho, kuti amama adzaphunzire kuti si injini iliyonse yoithawa. Pemphani amuna a kutchalitchi asalaze njira ya kuseri ija, mudzawaphikire. Makina anu osokera ndawapeza kwa Mmwenye wina, tikatenga mwezi wamawa.

Atsala masabata asanu ndi awiri.

Wanu,
Lazarus


Kuchipatala,
17 Novembala 1991

Justina,

Sindikudziwa kuti ndikulonjereni bwanji. Telegalamu ija inafika, ndiye mukudziwa kuti Laston kulibe. Zilembozi zikupendama chifukwa phewa lamangidwa. Chipolopolo china anachichotsa m'ntchafu. Akuti ndiyenda.

Muli ndi ufulu wodziwa mmene zinakhalira, ndiye ndilemba kamodzi kokha.

Linali Loweruka pa 9, cha m'ma 12 koloko masana. Tinkapita kukatenga makina aja, Laston akuyendetsa, ine pambali. Kunagwa mvula ya matalala, yoti ngakhale galu sungamusiye panja. Pa msewu wa ku Katlehong tinapeza mayi woyembekezera, mimba yaikulu, mtolo pamutu, akuyenda m'mbali mwa msewu wopanda nsapato. Sanatiimike n'komwe. Kombi inaima, ndipo mayi uja analowa akunjenjemera.

Galimoto yaing'ono yofiira inayamba kutitsatira. Pa mphambano yotsatira inatipingasa, munatuluka amuna awiri. Nthawi ino sanafunse kuti ndife a gulu liti. Mmodzi anaima pa windo la Laston n'kuwombera kanayi, pafupi moti utsi unandilowa m'maso. Winayo anawombera mbali yanga. Mayi uja anatsegula chitseko n'kuthawira m'nyumba za anthu, sanamukhudze. Ndinamva fungo la petulo akuthira padenga. Ndinamukoka Laston ndi dzanja limodzi kudzera pa chitseko changa, tonse n'kugwera m'ngalande, ndipo kombi inayaka mvula ikugwa chomwecho.

Zipolopolo zinamulasa pakhosi ndi pachifuwa. Ndinatseka bala la pakhosi ndi chikhatho, koma magazi ankatuluka pakati pa zala, madzi a m'ngalande n'kumawatenga. Anthu anaima patali atafunda mapepala, palibe anasendera. Laston anandiyang'ana n'kunena kuti, "Mulamu, amama aja atsika bwino?" Ndinati atsika bwino. Sanalankhulenso.

Diresi la amama linali m'chipinda, silinapse. Zina zonse zinapsa.

Kuno akuti ndimuike konkuno, n'zosavuta. Ndakana. Amama ali kale ndi mwamuna wopanda manda, sindilola kuti akhalenso ndi mwana wa manda osawaona. Mapepala atenga nthawi, koma ndibwera naye. Mmene ndibwerere naye sindikudziwa.

Mundigwirire amama dzanja.

Lazarus


Germiston,
15 Disembala 1991

Justina mkazi wanga,

Moni kwa inu, kwa Vera, kwa amama ndi onse amene akugona pa maliro pakhomopo sabata zonsezi. Ine ndatuluka m'chipatala, ndikuyenda ndi ndodo ya gogo uja, bwana anaipeza m'galaja. A Bizwell andipatsa kalata yanu, ndipo iyi abwerera nayo mawa pa basi kuti itsogole.

Mwalemba kuti mwamupha ndinu, chifukwa ndinu munaumirira kombi. Mwalembanso kuti amama akulira akumufunsa mwana wawo chifukwa chake sanamvere mlamu wake. Mawu awiri amenewa sandipatsa mtendere, chifukwa onse ndi abodza, ndipo bodzalo ndinalibzala ndine.

M'kalata ya kuchipatala ndinalemba kuti kombi inaima. Galimoto siima yokha. Laston anamuona mayi uja ndipo anamudutsa. Anagwira chiwongolero ndi manja onse awiri, nsagwada atazimanga, maso kutsogolo, monga mmene ndinamuphunzitsira ndi mbama ija, monga mmene inu munamulemberera. Anamvera. Amene anacheuka ndine. Ndinaona mtolo pamutu, mapazi m'matope, ndipo ndinaona inu pa chitunda cha kuseri kwa tchalitchi muli ndi mimba ya Vera, mukusenza khofi ine ndili pa ulendo wofuna ntchito. Ndinati, "Ima, mlamu." Iye anati, "Mulamu, lamulo lanu lija?" Ndinati, "Ima, wamva!" Ndiye anaima, n'kubwerera chafutambuyo, akumwetulira.

Ndi zimenezo. Kombi inalibe mlandu, inu mulibe mlandu, Laston analibe mlandu. Amama muwauze ndisanafike, kuti adziwe amene akumulandira. Akafuna kuti ndisaponde pa manda, ndidzaima patali. Inunso mukafuna kundiyankha, mudzandiyankhe pamaso, ndidzamva zonse.

Tsopano za ulendo. Mapepala atuluka. Anzathu a kumudzi amene ali kuno asonkha, tagula bokosi la malata mkati, lomata bwino. A ndege anatchula mtengo woti sindingaufike, ndipo a malole akukana kunyamula maliro. Bwana wanga atamva anangotulutsa makiyi m'thumba n'kuwaika pa benchi. Anati, "Tenga, ndi yako, usabweze." Ndi Landirova ija, Justina. Palibenso ina, ndipo ndi mvula imene a Bizwell akuti yayamba kumeneko, palibe ina ingakwere phiri lathu.

Sindinaiwale zimene Laston ananena. Masiku atatu ndakhala ndikugwira ntchito ndi dzanja limodzi. Ndachotsa mipando yakutsogolo kusiya wanga wokha, ndadula chitsulo chotchinga, ndayala matabwa. Bokosi lalowa mpaka kutsogolo, mutu wake uli pambali panga, pamene ankakhala. Mkulu wa mpingo wina wa ku Chisenga, dalaivala wa malole, tizisinthana naye chiwongolero, ndipo wopuma ndiye azikhala kumbuyo. Laston kumbuyo sakwera.

Tinyamuka Lachinayi. Chiuta akalola tidzafika pa mlatho Lolemba pa 23, dzuwa lisanapendeke. Manda akumbidwe m'mawa wa tsiku limenelo, pafupi ndi mitengo ya khofi imene adada anu anabzala.

Mawu anu aja ndikuwasungabe, akuti Landirova pakhomo panu isadzaime. Sindidzawaphwanya ndekha. Pa mlatho ndidzaima n'kuzimitsa injini. Ndikadzapeza amuna asanu ndi mmodzi akudikira, ndidzadziwa yankho lanu, ndipo tidzamusenza pamapewa mpaka pakhomo, ine ndikutsimphina pambuyo. Koma ndikadzapeza inu, ndidzakwera phiri pang'onopang'ono ndikuliza hutala monga iye ankafunira, inu mukuyenda patsogolo.

Zikadzatero, mutume Vera akhale pafupi ndi amama awagwire chitenje, kuti akamva injini asalowe m'khofi. Muwauze kuti iyi sikudzatenga munthu. Ikubweza mwana wawo.

Ndine mwamuna wanu, ngati mukundilolabe,
Lazarus Sikwese